ZA PANYUMBA: Makatani a Mizeremizere a Mtengo Wocepa

Nyumba za njerwa zoocha ndi malata zaculuka kwambiri m'midzi ya m'Cigawo ca Kum'mawa. Munthu woyenda pa msewu waukulu wocokera ku Nyimba, kupyola pa Petauke ndi Katete kufikira ku Chipata, aona yekha kuti pamene kale panali kaboo kotseka ndi cisanza, lero pali zenera lalikulu la galasi. Ndiponso mabanja ambiri anagula nyali za sola zimene ziwala kupambana koloboyi. Zonsezi ndi citukuko cokondweretsa, koma citukuko cimeneci cabwera ndi bvuto lake.

Usiku nyali ikayaka m'nyumba kunja kuli mdima, zenera la galasi lionetsa zonse za m'kati. Wopita m'njira aona banja lilikudya, aona pamene pakhala wailesi, aona matumba a nshawa, aonanso pamene bambo abisa ndalama za thonje. Koma a m'nyumbamo saona kanthu kunja. Comweco zenera lopanda cochinga licotsa ulemu wa banja, ndiponso liitana mbala.

Amai ambiri adziwa zimenezi, koma ndalama zinathera ku malata, simenti ndi magalasi, ndipo makatani osokeratu a m'sitolo ndi odula. Kaamba ka ici ena amata nyuzipepala pa galasi, ena akhomera citenge ndi misomali iwiri, ena angopacika bulangete limene ana akanafunda. Nkhani ya mlungu uno ifotokoza mmene mai angasokere yekha makatani a mizeremizere ndi nsalu zocepa, ngakhale alibe makina.

CIFUKWA CA MIZERE

Ena aganiza kuti mizere ndi yokometsera cabe. Iai, mizere ndiyo nzeru yopulumutsa ndalama. Citenge cimodzi cikhala ca mamita 2 m'litali, ndipo m'lifupi cipitirira pang'ono mita imodzi. Mai akacipacika coimirira pa zenera lalikulu, cicepa m'mbali, ndipo cikhala cokokeka ngati cikopa ca pa ng'oma. Akacipacika copingasa, cifupika, ndipo galasi la m'munsi likhala poyera. Shiti yakale ya pabedi nayonso payokha ioneka ngati mai waiwala kuianula.

Koma nsalu ziwiri zomwezo zikang'ambidwa m'mizere ndi kulumikizidwa mosinthanitsa, woyera kenaka wamaluwa, woyera kenaka wamaluwa, zipanga nsalu imodzi yaikulu yokwana zenera lonse. Mlendo woiona sadziwa kuti inali nsalu yosakwana. Ayesa kuti mwini nyumba anacita kusankha. Ndipo ngati shiti inali ndi pobooka kapena pothimbirira, mai angotaya mzere umenewo ndi kusunga yabwino.

Mizere yoimirira icititsa cipinda ca denga lalifupi kuoneka cacitali. Mizere yopingasa icititsa zenera laling'ono kuoneka lotambalala, ndiponso ilola mai kugwiritsira nchito zidutswa zazifupi. Koma yopingasa ifuna cisamaliro cacikulu, pakuti makatani akatsekedwa, mizere ya mbali ziwirizo iyenera kukumana pakati ndendende. Woyamba kumene acita bwino kuyamba ndi yoimirira.

KOPEZA NSALU

Malo oyamba kufunako nsalu ndi m'bokosi la m'nyumba momwemo. Citenge cimene mai analeka kubvala cifukwa cinang'ambika m'mphepete cingakhale cikali colimba pakati. Malo aciwiri ndi pa salaula, pamene mashiti oyera apezeka pa mtengo wocepa. Wogula atambasule shiti yonse ndi kuiyang'ana mopenyetsa ku dzuwa. Pamene nsalu yatha paoneka powala kwambiri, makamaka pakati pamene munthu anali kugona. Malo acitatu ndi kwa atelala a pa msika. Masukulu akayandikira kutsegulira mu January, atelala asoka mayunifomu ambiri, ndipo atsala ndi zidutswa za mtundu umodzi zopanda maluwa zimene ziyenera bwino mizere yopingasa.

Nsalu ziwirizo zikhale zolingana kulemera kwake. Nsalu yokhuthala ikalumikizidwa ndi yopyapyala iikoka, ndipo msoko ukhala wamakwinya. Posankha citenge mai atenge ca maluwa ang'onoang'ono. Ca zithunzi zazikulu za mbalame kapena nkhope za anthu cikang'ambidwa cioneka moseketsa, mutu kwina thupi kwina. Mitundu iwiri ndi yokwana. Ikapitirira itatu, maso atopa nayo.

Ndi bwinonso kudziwa ngati nsalu ndi ya thonje kapena ya polyester. Mai asolole ulusi pang'ono, autengere pabwalo ndi kuuyatsa ndi macisi. Wa thonje upsya ndi kusiya phulusa lofewa, ndipo ununkha ngati pepala lopsya. Wa polyester usungunuka ndi kusiya kambulu kolimba. Cidziwitso cimeneci cidzathandiza pa nkhani ya utoto ndi ya moto imene ili kutsogoloku.

KUPIMA ZENERA

Amai ambiri ataya nsalu cifukwa copima ndi maso. Wopanda tepi atenge cingwe cosatamuka, amange mfundo pamene zenera lathera, kenaka apime cingweco ndi rula ya mwana wa sukulu, imene ikhala ya masentimita 30. Miyeso yonse ilembedwe pa pepala.

Mwa citsanzo, zenera lingakhale la masentimita 90 m'lifupi ndi masentimita 120 m'litali. Ndodo yopacikira ipitirire zenera ndi masentimita 10 uku ndi uku, kuti wosuzumira cammbali asaone kanthu. Motero ndodo ikhala ya masentimita 110. Makatani okongola akhala ndi makwinya, ndipo kuti makwinya apezeke, nsalu iyenera kukhala yotambalala kamodzi ndi theka kuyerekeza ndi ndodo. Pa ndodo ya masentimita 110 pafunika masentimita 165. Mbali ziwiri za masentimita 84 iliyonse zikwana bwino.

Mbali iliyonse ikhale ndi mizere 7 ya masentimita 12, inai yoyera ndi itatu yamaluwa, woyera kuyamba ndi kutsiriza. Koma mzere suyenera kudulidwa pa masentimita 12, pakuti msoko udya nsalu. Wa pakati udulidwe pa masentimita 14, kusiyira msoko sentimita imodzi uku ndi uku. Wa kumapeto udulidwe pa masentimita 16, cifukwa mbali yake yakunja ifuna masentimita 3 a mpendero.

Kunena za kutalika, ndodo ikhala masentimita 10 pamwamba pa zenera, ndipo makatani atsike masentimita 10 kunsi kwake. Zimenezi zipanga masentimita 140. Mai aonjezepo masentimita 10 a mpata wopisamo ndodo ndi masentimita 10 a mpendero wa m'munsi. Comweco mzere uliwonse ukhala wa masentimita 160.

Tsono awerengi aone phindu lake. Mizere 6 yamaluwa ya zenera lonse ifuna masentimita 84 cabe m'lifupi, ndipo icoka m'citenge cimodzi, ngakhale ca mayadi 2 cimene ndi masentimita 183. Mizere 8 yoyera ifuna masentimita 120, ndipo icoka m'shiti imodzi. Citenge cimene pacokha cinalephera kutseka zenera, tsopano pamodzi ndi shiti capanga makatani a masentimita 168, ndipo patsalanso nsalu yomangira makataniwo masana.

KUCAPA NDI KUDULA

Mai asagwire sizasi asanacape nsalu zonse ziwiri. Nsalu yatsopano ya thonje ifupika ikacapidwa koyamba, pamene shiti ya pa salaula inafupika kale. Zikasokedwa pamodzi zosacapa, pa tsiku loyamba kucapa mizere yatsopano idzafupika yokha ndi kukoka inzake, ndipo makatani adzapotoka osaongokanso. Aliyense amene anaonapo makatani olendewera mokhota ngati tsamba louma la fodya anaona zotsatira za liwiro limeneli.

Kucapa kuonetsanso ngati citenge citulutsa utoto. Mai anyowetse ngondya ya citenge ndi kuifinyira pa kansalu koyera. Kansaluko kakatenga mtundu, citenge cicapidwe pacokha kangapo kufikira madzi atuluka oyera. Akapanda kutero, mizere yoyera idzasanduka yotuwa, ndipo nchito yonse idzapita pacabe. Nsalu zikauma zisitidwe, pakuti nsalu yamakwinya inamiza miyeso.

Podula, mai ayambe wacotsa mphepete yolimba ya citenge ndi mipendero yakale ya shiti. Kenaka adule katoni ziwiri, ina ya masentimita 14, ina ya masentimita 16, zopimira mizere yonse kuti ilingane. Pa nsalu yoyera alembe ndi pensulo, pa yamaluwa alembe ndi kacidutswa kouma ka sopo. Makala ndi bolopeni zisiya banga. Nsalu ya thonje ili ndi ubwino wakuti ing'ambika moongoka motsata ulusi wake: mai acekako pang'ono ndi sizasi, agwira mbali ziwiri ndi kung'amba mwamphamvu kamodzi. Nsalu yokana kung'ambika aisolole ulusi umodzi kucokera kumwamba kufikira kunsi, ndipo adule motsata kanjira kamene ulusiwo wasiya.

KUSOKA

Mizere iyalidwe pa mphasa yoyera monga mmene idzakhalire pa zenera, maluwa onse atayang'ana kumodzi. Mai atenge mizere iwiri, aiyang'anitse nkhope, aigwirize ndi mapini kumwamba, kunsi ndi pakati, kenaka m'mipata monse. Wopanda mapini ayambe wasoka motalikitsa ndi ulusi wa mtundu wina umene adzausolola pambuyo pake. Akangoyamba kusoka kucokera kumwamba osagwiriza, pofika kunsi adzapeza mzere wina wapitirira unzake ndi zala ziwiri kapena zitatu.

Wosoka ndi manja asoke msoko wobwerera m'mbuyo, pakuti ndiwo wolimba ngati wa makina. Wosoka ndi makina asinthanitse poyambira: msoko woyamba kucokera kumwamba, waciwiri kucokera kunsi. Kutero kuletsa nsalu kukhota ngati uta. Mizere ilumikizidwe iwiri iwiri poyamba, kenaka magulu aja aphatikizidwe.

Msoko uliwonse ukatha usitidwe nthawi yomweyo, ndipo nsalu yotsala kumbuyo igonekedwe ku mbali ya mzere wamaluwa. Ikagonekedwa ku mbali yoyera, dzuwa likawala idzaoneka ngati mthunzi wakuda. Kuti ulusi usayoyoke pocapa, mai akulunge mphepete za msoko ndi singano, kapena azipinde ndi kuzisokerera pansi.

Kenaka apinde mbali zakunja, sentimita imodzi poyamba ndi masentimita 2 kaciwiri. Kumwamba apinde masentimita 2, apindenso masentimita 8, ndipo asoke m'munsi mwa mpindowo kusiya mpata wopisamo ndodo. Mpendero wa m'munsi ndiwo wotsiriza. Makatani apacikidwe masiku awiri osapenda kuti nsalu itsike mmene ifunira, ndipo mai aike zizindikiro ali pa zenera pomwepo, apinde masentimita 5 kawiri. Mpendero waukulu wotere ulemeretsa makatani kuti alendewere moongoka.

Pa zenera lonse pali misoko 12 yaitali. Mai wosoka ndi manja asataye mtima poiwerenga. Akasoka iwiri madzulo alionse, pakutha pa mlungu umodzi yonse yatha. Pang'ono pang'ono ndi mtolo.

MIZERE YA UTOTO

Amene ali ndi mashiti oyera okwana zenera lonse, koma alibe citenge, angapange mizere ndi utoto wa nsalu wogula m'sitolo. Njira imeneyi ifuna nsalu ya thonje, pakuti utoto wamba sugwira pa polyester. Mai apinde nsalu yonyowa m'litali mwake, kutsogolo ndi kumbuyo, kutsogolo ndi kumbuyo, kufikira ikhala ngati lamba mmodzi wokhuthala. Kenaka amange lambayo ndi malegeni odulidwa ku cubu cakale ca njinga, kukulunga mwamphamvu malo a zala zitatu, kusiya masentimita 12, kumanganso, kufikira kumapeto. Pamene pamangidwa utoto sulowa, ndipo pomasula paoneka mizere yoyera yopingasa.

Mbali ziwiri za makatani zigonekedwe pamodzi pomanga kuti malegeni akhale pa malo olingana, ndipo zibviikidwe mu mphika umodzi pa nthawi imodzi. Zikabviikidwa padera, ina idzakhala yakuda kupambana inzake. Muyeso wa madzi, wa mcere ndi wa nthawi utsatidwe monga walembedwa pa paketi. Wosadziwa kuwerenga cizungu apemphe mwana wa sukulu. Mphika wa utoto usaphikirenso cakudya, manja abvekedwe mapepala a pulasitiki, ndipo madzi otsala atayidwe kutali ndi citsime. Nsalu itsukuluzidwe kufikira madzi ayera, malegeni amasulidwe, ndipo iyanikidwe pa mthunzi.

Palinso njira ya phala la fulawa, imene a Tribal Textiles a ku Mfuwe anachuka nayo pa nsalu zao zojambula pamanja. Phala lilembedwa pa nsalu ndi kuumitsidwa pa dzuwa, utoto upakidwa m'mipata, ndipo phala likacotsedwa pasiya mizere yoyera. Wofuna kuyesa njirayi agule utoto wopangidwira nsalu. Penti ya mafuta yotsala popaka zitseko iumitsa nsalu gwa, ndipo ing'aluka popinda.

KUPACIKA

Ndodo ya citsulo si yofunika kugula. Nsungwi yoongoka, yokhwima ndi youma bwino igwira nchito yomweyo. Mfundo zake zipalidwe ndi mpeni kufikira zisalala, kuti zisakole nsalu. Waya ndi wochipa, koma pa zenera lalikulu agwa pakati, ndipo makatani athamangira pamenepo kusiya m'mbali poyera.

Pano bambo athandize. Msomali sugwira pa cipupa ca njerwa zosaocha kapena ca dothi. Iye aboole cipupa, akhomeremo cikhomo ca mtengo wouma, ndipo msomali ulowe m'cikhomoco. Ndodo imangiriridwe ku misomali ndi kawaya kuti mwana akakoka isamugwere pamutu. Makatani asakhudze pansi, ndiponso asatsamire cipupa ca cinyezi, cifukwa ciswe cidya nsalu ya thonje msanga.

Zenera loyang'ana kumadzulo lilandira dzuwa laukali, makamaka m'mwezi wa October, ndipo maluwa asuluka msanga. Mai asokerere shiti ina yakale kumbuyo kwa makatani a zenera lotere. Shitiyo idzapsya ndi dzuwa m'malo mwa citenge, ndiponso idzachinga bwino zithunzithunzi za anthu usiku. Tsiku loyamba kupacika, nyali iyatsidwe, ndipo mmodzi wa a m'banjamo atuluke akaime pa njira kuti aone ngati kanthu kaoneka.

CENJEZO

Makatani ndi nsalu yolendewera, ndipo nsalu yolendewera ipsya msanga. Kandulo kapena koloboyi zisaikidwe pa zenera kapena pa thebulo la pafupi, pakuti mphepo ingakankhire nsalu pa lawi. Moto ukagwira makatani uthamangira ku denga, ndipo polyester ikasungunuka imatirira pa khungu. Ana aphunzitsidwe zimenezi tsiku lomwelo makatani apacikidwa.

M'miyezi yozizira ya June ndi July mabanja ena alowetsa mbaula m'nyumba ndi kutseka zonse. Makala oyaka atulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndiponso sununkha, ndipo makatani okhuthala acepetsa mphepo yolowa. Mbaula ituluke pabwalo anthu asanagone.

Ndiponso makatani sachinga udzudzu. Zoona zake ndi zakuti udzudzu ukonda kubisala m'makwinya a nsalu masana. Comweco makatani akutumulidwe m'mawa ndi kumangidwa m'mbali kuti kuwala ndi mphepo zilowe, ndipo banja lipitirize kugona m'maneti popewa malungo.

NTHAWI YOYENERA

Nyengo yabwino ya nchito imeneyi ndi pambuyo pa kukolola, pamene ndalama za mbeu zikali m'manja, nsalu ziuma msanga, ndipo khasu lilikupumula. Mabanja amene alandira alendo a ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa August acita bwino kuyamba mu July. Mvula ikayamba kugwa, manja a mai sapezanso mpata wa singano.

Amai a m'kalabu angapeputsane nchito, pakuti mutu umodzi susenza denga. Wina ali ndi tepi, wina ali ndi simbi, wina ali ndi makina, ndipo paketi imodzi ya ulusi kapena mphika umodzi wa utoto ungathandize nyumba zingapo. Angasinthanenso mizere yotsala, kuti wa nsalu yobiriwira apatse mnzake ndi kulandira yofiira.

Mai aliyense alembe ndalama zimene waononga pa shiti, citenge ndi ulusi, ndipo tsiku limene adzapita ku boma akafunse mtengo wa makatani osokeratu a zenera lolingana ndi lake. Kusiyana kwa mitengo iwiriyo ndiko malipiro a manja ake, ndipo kungagule sopo, makope a ana kapena nsalu ya zenera laciwiri. Amene wasoka zenera limodzi bwino, anansi sadzacedwa kumufunsa mtengo wosokera ao.

Mlungu wa mawa nkhani idzakhala ya kasokedwe ka nsalu za pa thebulo ndi mapilo a pa mipando, pogwiritsira nchito zidutswa zotsala ku makatani. Comweco amai asataye kacidutswa ngakhale kamodzi.